Kakumbidwe ndi kakonzedwe ka amêijoa kumathiriro a mitsinje ya ku Mozambique

Munthu wokulira kumtunda akafika ku Maputo, ku Beira kapena ku Quelimane amaona amayi akutuluka m'matope a m'mbali mwa nyanja yamchere ndowa zili pamutu, zodzaza ndi nkhono za zigoba ziwiri zimene Apwitikizi anazitcha amêijoa. Ntchitoyi imaoneka yophweka, ngati kutola mtedza m'munda wokumbakumba kale. Akaiyesa yekha amabwerako chimanjamanja chifukwa wapita tsiku lolakwika, kapena amaphika ndiwo yongoti gwedegwede mchenga m'mano. Choopsa kwambiri ndi chakuti ena amadwalitsa banja lonse. Nkhonozi zimadya posefa madzi, ndiye chilichonse chimene chili m'madzimo chimatsalira m'thupi mwake. Amene akufuna kuzidziwa ayambe wadziwa madzi.

Zofunika kukhala nazo

Supuni yachitsulo yolimba, mpeni wobuntha kapena kakhasu kakang'ono. Khasu lalikulu lolimira lisiyeni kunyumba, limaswa zigoba.
Thumba la maukonde, ngati lija amagulitsiramo anyezi, chifukwa limatulutsa madzi ndi mchenga.
Ndowa ya malita 20 ndi beseni lotakasuka.
Sefa ya waya ya maso a masentimita 3, kapena chitsekerero cha botolo la Fanta choyezera.
Nsapato zakale zotseka phazi lonse, zomanga ndi zingwe. Patapata amatsalira m'matope.
Chiguduli kapena saka ya ulusi yonyowetsa.
Chigubu cha malita 10 chotungira madzi a m'nyanja, ndi botolo lina la madzi akumwa.
Wotchi kapena foni, ndi ndandanda ya nthawi za madzi imene ku Mozambique amati tabela de marés.
Mnzanu. Kumatope sapitako munthu mmodzi.

Kusankha tsiku ndi ola

1. Yang'anani mwezi. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, koma sikuti masiku onse imaphwa mofanana. Imabwerera kutali kwambiri mwezi ukakhala mumdima ndiponso ukakhala wathunthu, makamaka tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake. Choncho pa mwezi pali nyengo ziwiri zabwino, zotalikirana pafupifupi masiku 14 kapena 15, ndipo iliyonse imakupatsani masiku anayi kapena asanu ogwira ntchito. Mwezi ukakhala theka madzi amangosuntha pang'ono, malo okhala nkhono zikuluzikulu osaonekera n'komwe.

2. Pezani ola limene madzi aphwere kwambiri pa tsikulo, ndipo mukafike maola awiri olalo lisanakwane. Muzitsatira madzi pamene akuphwa. Ola la dzulo si la lero: tsiku lililonse madzi amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati dzulo anaphwa 10 koloko, lero yembekezerani cha m'ma 10:50.

3. Tcherani alamu pa foni kuti ilire madzi akangoyamba kubwerera kumtunda, ndipo muyambe ulendo wotuluka ola limodzi lisanathe. Apa ndi pamene anthu amafera. Madzi amatenga maola pafupifupi sikisi kuti adzaze, koma sakwera mofanana. Mu ola loyamba amakwera pang'ono moti mukhoza kuwanyozera, pamene mu ola lachitatu ndi lachinayi amakwera theka la msinkhu wawo wonse. Ku Maputo kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika pafupifupi mamita 3, koma ku Beira kumapitirira mamita 6, ndipo pamalo osalala ngati amenewo madzi amathamanga. Komanso sabwera kuchokera kutsogolo kokha. Amayamba adzaza timakwalala ta madzi tozama tili kumbuyo kwanu, inu n'kutsala pa kachilumba ka mchenga. Popita muziwerenga timakwalala timene mwawoloka, chifukwa ndi timeneto tidzakutsekereni njira.

Kusankha malo

4. Funsani kaye eni dera. M'midzi yambiri ya m'gombe la Mozambique muli makomiti a asodzi otchedwa Conselho Comunitário de Pesca, mwachidule CCP. Iwo ndi amene angakuuzeni malo otsekedwa, nyengo yoletsedwa ndi malo amene mabanja ena amawayesa awo. Madera ena, monga ozungulira chilumba cha Inhaca, ali m'malo otetezedwa ndi boma, ndipo kumeneko muli malamulo akeake.

5. Tayani malo alionse oyandikana ndi ngalande za m'tauni, zimbudzi, doko, mafakitale kapena malo otayirako zinyalala, ngakhale nkhono zake zitanenepa bwanji. Kunena zoona, pamalo otero ndi pamene zimanenepa kwambiri, chifukwa madzi auve amakhala ndi chakudya chambiri. Ku gombe la Maputo, mitsinje ya Umbeluzi, Matola, Tembe ndi Infulene imathira m'mathiriro otchedwa Estuário do Espírito Santo, pamene pali doko ndi mzinda. Incomati amathira chakumpoto, mtsinje wa Maputo chakumwera. Mukatalikira mzinda ndi ngalande zake, chiopsezo chimachepa.

6. Werengani nthaka ndi mapazi. Mitundu yosiyana imakonda malo osiyana. Ya chigoba chosalala, chochindikala ndi chonyezimira, imene asayansi amati Meretrix meretrix, imakonda mchenga wosakanikirana ndi matope pang'ono pafupi ndi mathiriro, pamene madzi a mtsinje akumana ndi amchere. Ina yocheperapo, Eumarcia paupercula, amaikumba kwambiri m'gombe la Maputo. Ya mizeremizere yakuya pa chigoba, ya mtundu wa Anadara, imapezeka m'matope ndi m'udzu wa pansi pa nyanja, ndipo mukaitsegula mumaona madzi ofiira ngati magazi. Musaitaye poganiza kuti yaola, ndi mmene ilili. Matope akuda bii, onunkha ngati dzira lovunda, alibe mpweya, ndipo nkhono zamoyo zimakhalamo zochepa.

Kukumba

7. Fufuzani timaso pa mchenga. Nkhono imakhala itadzikwirira, n'kutulutsa timipaipi tiwiri, kena kokokera madzi, kena kotulutsira. Madzi akaphwa pamatsala timabowo tiwiri togundana, kapena kabowo kamodzi kotalikirapo ngati polowetsa kiyi. Mukaponda pafupi nthawi zina pamatuluka kamadzi kothovoka. Bowo lozungulira bwino lokhala ndi timibulu ta mchenga pakhomo ndi la nkhanu, musatayepo nthawi.

8. Lowetsani supuni chammbali, masentimita 5 kuchokera pa bowo, n'kutukula mchengawo. Zambiri zimakhala pakati pa masentimita 2 ndi 10 kuchokera pamwamba. Mukabaya pa bowo penipeni mumaswa chigoba, ndipo nkhono yosweka imafa msanga n'kuwononga zinzake m'thumba. Pamene pali madzi ofika mu akakolo ndipo timaso sitikuoneka, kokani mpeni wobuntha mu mchenga mizeremizere. Ukakhudza chigoba mumamva kuti khwe, pamenepo pisani dzanja.

9. M'madzi muziyenda mokhwekhwereza mapazi, osati kunyamula mwendo n'kuponda. Pali nsomba yaphanthiphanthi ya mchira wa minga, imene Apwitikizi amati raia, imene imagona itadzikwirira mu mchenga. Ikamva mapazi akukhwekhwereza imathawa, koma ikapondedwa imabaya. Wobayidwa aviike phazi m'madzi otentha amene khungu lingapirire, osapitirira madigiri 45, kwa mphindi 30 mpaka 90, kenako apite kuchipatala. Nkhono ya chigoba chimodzi chosongoka ngati nguli, ya mawangamawanga okongola, musaigwire: ina mwa mitundu yake ili ndi ululu wopha munthu. Kumathiriro a Zambezi ndi mitsinje ina ikuluikulu kulinso ng'ona, ndiye m'mbali mwa makwalala akuya musamachedwemo. Ndipo ngati muli ndi chilonda cha pamwendo, dikirani chipole. Madzi ofunda a kumathiriro amakhala ndi tizilombo ta Vibrio timene timalowera pa bala.

10. Kwirirani dzenje lililonse musanasunthe. Mu mchenga umene mwafukulawo muli tiana ta nkhono tosaoneka bwino, ndipo tikatsala pamtunda timapsa ndi dzuwa kapena kutoledwa ndi mbalame. M'udzu wa pansi pa nyanja gwiritsani ntchito zala basi. Udzuwo ukazulidwa umatenga nthawi yaitali kuti umerenso, ndipo ndi umene umagwira nthaka imene nkhono zimakhalamo.

11. Sefani pomwepo, osati kunyumba. Thirani zimene mwatola mu sefa, igwedezeni m'madzi, zonse zodutsa zibwerere. Ngati mulibe sefa, yezani ndi chitsekerero cha botolo chija: nkhono imene siikuphimba chitsekererocho ndi mwana. Ngati dera lanu lili ndi muyezo wakewake woposa pamenepa, tsatirani wa deralo. Pobweza musangoziponya. Zikankhireni mu mchenga wonyowa ndi chala kuti zibisike.

Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa, poti ambiri amaona ngati lamuloli ndi nkhanza za akuluakulu. Nkhonozi sizikwerana ayi. Yaimuna ndi yaikazi zimangotulutsa mbewu ndi mazira m'madzi, n'kukumana momwemo. Timphutsi take timayandama kwa sabata imodzi kapena zingapo, kenako n'kutsikira pansi kukakhazikika. Kuti zimenezi zitheke pafunika nkhono zazikulu zambiri zokhala moyandikana. Zikatsala patalipatali, mbewu imamwazika m'madzi osapeza dzira. Malo akhoza kuoneka ngati adakali ndi nkhono koma kubereka kutasiya kale, ndipo mumadzazindikira patapita chaka, ndowa itayamba kutenga maola atatu kuti idzaze m'malo mwa limodzi.

Kusankhula ndi kunyamula

12. Tsukani m'madzi a m'nyanja momwemo, kenako yesani iliyonse. Yotseka zolimba ndi yamoyo. Yoyasama igogodeni ndi chikhadabo: ikatseka ndi yamoyo, ikangokhala chiyasamire itayeni. Pali msampha wina: chigoba chotseka bwino koma m'kati muli matope okhaokha. Gundanitsani ziwiri m'manja. Zamoyo zimalira ngati timiyala, pamene ya matope imalira mogonthera ndipo mukaipotoza ndi zala imatseguka. Imodzi yokha yotere ikalowa mu poto, msuzi wonse watha ntchito.

13. Tungani madzi oyera a m'nyanja m'chigubu, pamalo pamene simunavundule. Nkhono zikhale m'thumba la maukonde, muziphimbe ndi chiguduli chonyowa, zikhale pa mthunzi. Musazimangire mu jumbo, zimabanika. Musaziyendetse zili m'ndowa yodzaza madzi pa dzuwa, chifukwa madziwo amafunda, mpweya n'kutha, zonse n'kufa musanafike kunyumba.

Kuzilavulitsa mchenga

14. Yalani nkhono m'beseni mosasanjikiza kwambiri. Ngati muli ndi sefa yolowa m'beseni, ziikeni mu sefayo kuti zisagunde pansi, apo ayi zimamezanso mchenga umene zalavula. Thirani madzi a m'nyanja aja mpaka apitirire nkhono ndi masentimita awiri kapena atatu basi. Madzi osaya amalandira mpweya mosavuta kusiyana ndi a m'ndowa yakuya.

15. Ngati mwagula pamsika ndipo mulibe madzi a m'nyanja, pangani anu: magalamu 30 a mchere pa lita imodzi ya madzi, kumene kuli pafupifupi masupuni aakulu awiri osadzaza mpaka phiri. Madzi a m'nyanja yeniyeni amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, koma nkhono za kumathiriro zinazolowera ochepera pang'ono. Mchere wa miyala ndiye wabwino. Madzi a pampopi ayambe akhala usiku wonse m'ndowa yosavindikira kuti klorini achoke. Madzi opanda mchere ndi oletsedwa: nkhono zimangotseka osalavula kanthu, ndipo zikakhalitsamo zimafa.

16. Phimbani beseni ndi nsalu kuti mukhale mdima, lisiyeni pozizira osaligwedeza kwa maola atatu kapena anayi, ndipo musinthe madzi kamodzi pakati. Mukasuzumira mwakachetechete mudzaona timipaipi titatuluka, tina tikuthira madzi mpaka kunja kwa beseni. Pomaliza nyamulani nkhono ndi manja. Mukakhuthula beseni, mchenga wonse wa pansi umabwerera pa nkhono.

Chenjezo lalikulu lili apa. Kuviika kumeneku kumachotsa mchenga wokha. Sikuchotsa tizilombo ta kolera, ta taifodi, kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis A, kapena poizoni. Nkhono yochokera m'madzi auve imakhalabe yauve ngakhale italavula mchenga wonse.

Kuphika

17. Kwechani zigoba ndi burashi, ikani mu poto ndi madzi pang'ono, theka la kapu pa kilogalamu, vindikirani pa moto waukali. Musadzaze poto kupitirira theka, chifukwa za pamwamba zimatsala zosapsa. Pakatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zimayamba kuyasama.

18. Zikayasama musaphule. Chigoba chimatseguka nyama isanatenthe mokwanira kupha tizilombo. Muyezo umene mafakitale a ku Ulaya amatsatira ndi wakuti m'kati mwa nyama mufike madigiri 90 kwa masekondi 90. Kunyumba, ngati zikuwira zili m'madzi, pitirizani kwa mphindi 3 mpaka 5 zitayasama. Ngati zikupsa ndi nthunzi, pitirizani kwa mphindi 4 mpaka 9. Nyama imalimbako pang'ono, inde, koma ndi bwino kutafuna kusiyana ndi kugona pa diripi. Zimene zakana kuyasama zitayeni.

19. Msuzi wa mu poto ndi wokoma, koma udikireni ukhazikike, muuthire pang'onopang'ono kudzera pa kansalu koyera, wotsalira pansi muutaye. Uli ndi mchere wake kale, ndiye lawani musanathire wina. Kazingani anyezi, adyo ndi tomato, thirani msuziwo ndi mkaka wa kokonati ngati mmene amachitira ku Zambézia, nyama ilowe komaliza. Zimayenda ndi nsima kapena mpunga.

Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba, odwala chiwindi kapena shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika asalawe n'komwe nkhono yaiwisi kapena yosapsa bwino.

Kusunga ndi kugulitsa

20. Zamoyo zimakhala tsiku limodzi kapena awiri mufiriji, m'mbale yophimba ndi nsalu yonyowa, osati mufiriza. Ngati mukugwiritsa ntchito ayisi, ikani chiguduli pakati ndipo madzi osungunuka azituluka, chifukwa ndi madzi opanda mchere. Popanda firiji kapena ayisi, phikani kapena gulitsani tsiku lomwelo.

21. Zofuna kusunga nthawi yaitali ziwiritseni monga tafotokozera, chotsani nyama, itsukeni m'madzi amchere owiritsa, muiyanike pa thandala lokwera, yophimbidwa ndi neti yotchinga ntchentche, mpaka iume gwa. Wogulitsa awerengere bwino: pa makilogalamu 10 a nkhono za m'zigoba, nyama yophika siipitirira makilogalamu 2, ndipo ikauma imachepanso kwambiri. Zigoba musataye. Zosinja bwino zimathandiza nkhuku zoikira kuti mazira akhale olimba, ndipo zowotcha zimapanga laimu. Ku nyanja ya Vembanad, m'chigawo cha Kerala ku India, malonda a zigoba ndi mbali yaikulu ya phindu la asodzi a nkhono.

Kudziwa ngati malo akutha

22. Gulu lililonse lokumba malo amodzi likhoze chimango cha matabwa cha masentimita 50 mbali zonse. Kamodzi pa miyezi itatu, ponyani chimangocho mosasankha pa malo khumi, kumbani m'kati mwake kuzama masentimita 15, sefani ndi sefa ya maso aang'ono, werengani zazikulu padera, zazing'ono padera, kenako zibwezeni. Chiwerengero cha chimango chimodzi mukachichulukitsa kanayi mwapeza za pa sikweya mita imodzi. Lembani m'kope. Zazikulu zikamatsika maulendo awiri kapena atatu otsatizana, pumitsani malowo.

23. Patulani chigawo chosakumbidwa chaka chonse, muchizike mitengo yooneka ngakhale madzi atadzaza. Chikhale pamalo a nkhono zambiri, osati pa chipululu chimene palibe amene amachifuna. Amayi a m'midzi ya ku Fumba, ku Zanzibar, anachita zotere ndi nkhono za Anadara. Ku nyanja ya Ashtamudi, ku Kerala, nkhono zitachepa kwambiri anakhazikitsa nyengo yotseka kuyambira December mpaka February, pamodzi ndi muyezo wa maso a maukonde, ndipo mu 2014 usodzi wawo unakhala woyamba ku India kulandira satifiketi ya Marine Stewardship Council, bungwe lotsimikizira usodzi wosamala zachilengedwe. Miyezi ya ku India musaikopere, chifukwa nyengo yoswana imasiyana malo ndi malo. Tsegulani nkhono zingapo mwezi uliwonse: nyama ikafufuma n'kuoneka yamkakamkaka, kenako mwezi wotsatira n'kukhala yopyapyala ndi yamadzimadzi, ndiye kuti zaswa, ndipo nyengo yotseka ikhale yozungulira pamenepo.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukumba mvula yamphamvu itangogwa. Madzi amakokolola zimbudzi ndi ngalande n'kuthira kumathiriro. Dikirani masiku osachepera atatu, ndipo kukasefukira madzi dikirani masabata angapo. Namondwe wa Idai atawomba Beira mu March 2019 kunabuka kolera, ndipo nyengo ngati imeneyo nkhono za pafupi ndi mzinda si chakudya. Madzi a mtsinje akachuluka kwa masiku ambiri amaphanso nkhono zenizenizo, ndiye mukapeza zambiri zili pamtunda zitayasama musatole poganiza kuti mwachita mwayi.

Kukhulupirira kuti moto umapha zonse. Nthawi zina tizomera tosaoneka ndi maso timachulukana m'nyanja, madzi n'kusanduka ofiirira, ndipo tina mwa ito tili ndi poizoni amene nkhono zimasunga m'thupi. Poizoni ameneyu saphikika, sanunkha, samveka pa lilime, ndipo akhoza kukhalapo ngakhale madzi akuoneka oyera. Mukaona madzi asintha mtundu, nsomba kapena mbalame zafa m'gombe, kapena boma lalengeza chiletso, lekani. Munthu akamva dzanzi pa milomo, lilime ndi nsonga za zala patangopita mphindi 30 kapena maola awiri atadya, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene chimene wadya, chifukwa poizoniyu amafooketsa minofu yopumira.

Kuthira ufa, tsabola kapena vinigala m'madzi oviikira poganiza kuti nkhono zilavula msanga. Ufa umangovunditsa madzi, pamene vinigala amazitseketsa pakamwa.

Kugula nyama yochotsa kale m'zigoba, yoviikidwa m'beseni la madzi pamsika. Simungadziwe kuti inali yamoyo liti, ndipo madziwo amaiwonjezera kulemera kumene mukulipira.

Kudula mitengo ya m'matope, ija amati mangal, kuti mupeze nkhuni zowiritsira nkhono. Mizu yake ndi imene imagwira matope ndi kuchepetsa mphamvu ya mafunde. Ikachoka, nthaka imakokoloka n'kukwirira malo a nkhono, ndipo tiana timene tangokhazikika kumene ndi timene timayamba kufa.